Mbale ikakana kukhala pakati pa vacuum chuck

Kwa osema mbale zamtengo pa lathe, makina ozunguza mtengo pousema, vutoli limakonda kubwera ntchito ili pafupi kutha. Mkati mwa mbale mwasalala, kunja mwapala kale, chatsala n'kuitembenuza kuti muchotse tenoni, chitsa chimene makina ankagwirirapo mbale, ndi kukonza kunsi. Mwaivundikira pa chikho cha vacuum chuck, chimene chimagwira mbale pampu ikakoka mpweya mkati mwake, pampu yalira, geji yakwera bwinobwino. Kungoizunguza ndi dzanja, mbale ikuvina. Mukaumirira kusema ili choncho, tchizulo imadya mbali imodzi n'kudumpha inayo, ndipo pokumana posema patsopano ndi pakale pamatsala mzere wosatheka kufafaniza ndi sandipepala.

Ambiri amathamangira kukayikira pampu. Komatu vacuum ntchito yake ndi imodzi yokha, kugwira mbale pomwe mwaiikapo. Chuck ya mano anayi, chogwirira mtengo pa lathe, imakokera yokha tenoni pakati pamene mukumanga. Vacuum sitero. Mukaika mbale pambali, imaigwirira pambali pomwepo, ndipo mwamphamvu. Kuika pakati ndi ntchito ya maso anu, ya tailstock (mbali yotsetsereka ya lathe yokhala ndi nsonga yokankha mbale), ndi ya valavu yolowetsa mpweya kuti kukoka kuchepe. Amene alibe valavu imeneyi pa makina ake ayambe waiika, chifukwa zambiri zili m'munsimu sizitheka popanda iyo.

## Kaikidwe kamene zonsezi zikuyezedwera

1. Lathe ikhale yozimitsa. Pukutani gasiketi (mkombero wofewa wa pamlomo wa chikho wotseka mpweya) ndi mkati mwa mbale.
2. Vundikirani mbale pa chikho, bweretsani tailstock, nsonga yake ilowe m'kabowo kamene inasiya pa tenoni pamene munkasema kunja. Kankhirani pang'ono chabe.
3. Yatsani pampu valavu ili yotsegula, muziitseka pang'onopang'ono mpaka geji ifike pakati pa 4 ndi 6 inHg (muyeso wa kukoka wolembedwa pa geji), kapena 14 mpaka 20 kPa. Apa mbale siigwa, koma imasuntha mukaimenya ndi chikhatho.
4. Ikani tool rest (chitsulo chotsamirapo tchizulo) pafupi ndi kunsi kwa mbale, gonekani pensulo pamenepo, zunguzani mbale ndi dzanja.
5. Konzani pomwe papendama, tsekani valavu, yezaninso, kenako yatsani lathe pa liwiro lotsikitsitsa mutaima pambali.

## Chizindikiro choyamba: mbale ikuvina mutangoiika

Kabowo kapakati kanafafanizika, kapena kananama. Apa ndi pamene pamagona vuto nthawi zambiri. Wina amapala tenoni n'kuchotsa kabowoko osadziwa kuti kadzafunika. Wina amakasunga, koma mbale inakhalapo pa chuck mopendama pang'ono pamene ankakumba mkati, ndiye mkati ndi kabowo sizikugwirizananso. Pa mitengo yofewa monga paini, nsonga ya tailstock imatha kutsetsereka kuchoka pa mzere wolimba wa mtengo n'kukalowa pofewa pambali.

Yesani chonchi: bwezani tailstock pang'ono vacuum ili yochepa, ikani mbale pakati ndi pensulo yokha, kenako bweretsani nsonga pafupi osakhudza. Ngati kabowo kakuzungulira nsonga m'malo moima pamodzi, kabowoko ndiko kolakwa. Musakatsatenso. Ikani nsonga ya mkombero kapena kathabwa kophwatalala pa tailstock kuti izingokankha osalowa.

Kuti zisabwerenso, ikani chizindikiro mbale ikadali pa chuck ya mano. Mukamaliza mkati, masulani chuck yonse pa spindle (chitsulo chozungulira cha lathe) mbale ili momwemo. M'bowo la mazinga la kumbuyo kwa chuck lowetsani kamtengo kosemedwa kokwana ndendende, kokhala ndi msomali wosongoka pakati pake, mumenye kamodzi. Kadontho kameneko ndiko pakati penipeni pa mkati mwa mbale yanu.

Vacuum mwaikweza msanga. Geji ikadutsa 10, mbale simungaisunthe ndi chikhatho pang'onopang'ono. Imakana, imakana, kenako n'kudumpha kupitirira pomwe mumafuna. Tsitsani mpaka izisuntha mosavutikira.

Mukukonza mopitirira muyeso. Okonza njinga amachidziwa ichi akamawongola limu: amayang'ana mpata wa pakati pa limu ndi labala ya buleki, osati limu yokha. Inunso yang'anani mpata wa pakati pa mbale ndi tool rest. Ngati mpatawo ukusiyana ndi mamilimita 4 pakati pa potalikira ndi poyandikira, mbale yachoka pakati ndi mamilimita 2 okha. Sunthani theka la zomwe diso likuona. Pamene pensulo yalemba ndi pamene patulukira kunja. Zunguzani mbale mpaka mzere wa pensulowo ukhale pamwamba, bwezani tailstock pang'ono, menyani ndi chikhatho motsitsa. Fafanizani mzere wakale musanayezenso, apo ayi mudzasokonezeka ndi mizere yanu yomwe.

Kanyenyeswa pansi pa gasiketi. N'kakang'ono koma kamakweza mbali imodzi. Chotsani mbale, pukutani, yambiraninso.

Amene amasema mbale zambiri angachite bwino kupeza adapter yolowa mu tailstock yokhala ndi mazinga ofanana ndi a spindle, kaya 1 inchi 8 TPI, 1¼ inchi 8 TPI kapena M33 x 3.5. Mumamanga chuck ya mano pa adapter imeneyi mbale ikadali m'mano, n'kukankha tailstock mpaka mkati mwa mbale mwakhudza gasiketi, n'kutseka valavu, kenako n'kumasula mano. Mbale imasamuka isanataye pakati pake. Palibe njira ina imene ndimaikhulupirira kuposa iyi, bola tailstock yanu ikhale yolunjika, nkhani imene ili pa chizindikiro chachinayi.

## Chizindikiro chachiwiri: inali pakati, yasuntha potseka valavu

- Gasiketi yokhuthala kapena yofewa kwambiri. Vacuum ikakwera imaifinya, ndipo siifinyika mofanana mbali zonse. Fomu yosalowa mpweya ya mamilimita 2 kapena 3 ndi yokwanira. Siponji ya matiresi musaiyese n'komwe, imadutsitsa mpweya.
- Gasiketi yatha mbali imodzi, kapena guluu anaunjikana pansi pake. Yendetsani chala mozungulira, mudzamva chotupa kapena polowa. Onaninso polumikiza ngati munaidula yaitali n'kuikumanitsa. Ndi bwino kudula mkombero wathunthu pa chidutswa chimodzi.
- Chikho chikukhudza pakhoma lotsetsereka. Chikho chachikulu chimakakhala m'mbali mwa mbale momwe khoma laimirira, ndipo vacuum ikakoka, mbale imatsetserekera mbali imene yapepuka. Chikho chocheperako chimakhala pafupi ndi pansi pomwe pali pogona. Koma werengani za mphamvu pa chizindikiro chachisanu musanachepetse kwambiri.
- Mwatseka valavu mwadzidzidzi tailstock ili kutali. Bwezerani tailstock ikhudze, tsekani pang'onopang'ono, diso lili pa mpata uja.
- Mkati mwa mbale muli kamzere kotukuka pomwe gasiketi ikukhala. Sinthani kukula kwa chikho kuti chikhale pena.

Chikho mukamaliza nacho ntchito musachigoneke chafufumimba pa benchi, gasiketi imaphwatalala mbali imodzi. Chipachikeni kapena chiyang'anitseni kumwamba.

## Chizindikiro chachitatu: kunsi kwakhala, mlomo ukuvina

Apa ndi pamene anthu amataya maola akulimbana ndi chinthu chosatheka, ndiye tidekhepo.

Yambani mwawerenga mizere ya pensulo. Mzere umodzi, mbali imodzi, ndiye kuti mbale yangochoka pakati, ndipo mungaikonze. Mizere iwiri yoyang'anana, wina uku wina uko, ndiye kuti mbaleyo si yozunguliranso, yatalika mbali imodzi. Imeneyo ngakhale mutaimenya mpaka dzuwa kulowa siingakhale, chifukwa palibe pakati pamodzi pamene pangakhutiritse mbali zonse.

Mtengo wayenda. Mtengo ukamauma sufupika kwenikweni m'litali mwake, umafota m'mimba mwake, ndipo kufota kotsata mikombero ya zaka kumakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri kufota kolunjika pamtima. N'chifukwa chake mbale yosemedwa yaiwisi imauma yotalikira kotsata minyewa ya mtengo, mlomo wake n'kukwera mbali ziwiri. Ngakhale mtengo wouma umayenda pang'ono mukaukumba mkati, makamaka ukagona usiku musanautembenuze. Bulugamu ndiye amachita kunyanya, mango waiwisi nayenso amapindika ndithu, pamene mlombwa wouma bwino suvuta kwenikweni. Mbale imene munaisema m'chilimwe cha Okutobala n'kudzaimaliza mvula ili mkati mu Januwale musadabwe ikasintha.

Chochita:

- Iwalani za mlomo. Yezerani pomwe tchizulo ikamalizire, kutanthauza pakhoma lakunja pafupi ndi tenoni, pomwe posema patsopano pakakumane ndi pakale. Pamenepo mbale imakhala isanapindike kwambiri.
- Sunthani mpaka mizere iwiri ija italike mofanana. Pamenepo mwafika, lekani.
- Musaseme kukwera khoma. Semani kunsi kokha, ndipo pokumanapo ikani kamzere kokongoletsa kapena kakhwawa kakang'ono kuti diso lisaone kusiyana. Kotsalako malizani ndi sandipepala lathe itaima.
- Ngati mbale ndi yokhuthala mokwanira ndipo yauma, njira yabwino ndi kuisemanso yonse, kunja ndi mkati, tsiku limodzi.

Mbale yapendekeka, sinachoke pakati. Mkati mwa mbale ndi mokhota, ndiye ikamatsetsereka pa chikho siyenda molunjika, imapendekeka. Mukamenya kunsi kupita uku, mlomo umapita kwina. Onani kuchokera pamwamba ngati mlomo ukuyandikira ndi kutalikira headstock (mbali ya lathe imene muli spindle) pozungulira. Ngati zili choncho, siyani nsonga ya tailstock m'kabowo kuti kunsi kusasunthe, n'kumamenya mlomo pang'onopang'ono kulozera ku headstock mbali imene yatalikira.

Makoma anasiyana kukhuthala kuyambira kale. Ngati kunja ndi mkati sizinasemedwe pa mzere umodzi, mkati mukakhala bwino pa chikho kunja kumavina. Tsatani kunja, chifukwa ndiko mukusema.

## Chizindikiro chachinayi: mbale iliyonse ikupendama mofanana

Mbale zitatu kapena zinayi zotsatizana zikalakwika mofanana, siyani kukayikira manja anu. Chotsani mbale muyeze makina.

Mlomo wa chikho suli wolunjika. Zikho zopanga tokha ndi payipi ya PVC, MDF (bolodi la utuchi wopanikiza) kapena thabwa zimagwira ntchito bwino, koma ziyenera kusemedwa pa lathe yomweyo imene zikagwirepo ntchito. Gwirizitsani pensulo pa mlomo wa chikho muzunguze. Ikalemba mbali imodzi, matulani gasiketi, semani mlomowo mopepuka mpaka ulingane, uzungulitseni m'mphepete kuti usakhale wakuthwa, n'kumata gasiketi yatsopano. Chikho chathabwa chimapindika ndi nyengo monga mbale yomwe, ndiye chiyezeni mvula ikayamba ndiponso ikatha.

Chikho sichinafike paphewa la spindle. Chimene chimalunjikitsa chuck si mazinga, ndi phewa lophwatalala limene chuck imakagunda. Utuchi, dzimbiri kapena kachitsulo kotukuka pamenepo zimapendeketsa chikho chonse, ndipo kupendekeka kochepa pa spindle kumakula kukafika ku mlomo wa mbale. Tsukani mazinga ndi mswachi, pukutani phewa. Ngati munaikapo labala yofewa potseka mpweya, ichotseni, chifukwa imafinyika mosafanana. Pakani girizi pang'ono pa mazinga kapena kulungani tepi yoyera ya mapulambala m'malo mwake.

Tailstock siyang'anana ndi headstock. Ikani nsonga mbali zonse ziwiri, ziyandikizeni, mangani tailstock, muone kuchokera pamwamba ndi cham'mbali. Zikasemphana:

- pukutani m'mabowo a Morse taper onse awiri, momwe nsonga zimalowa, poti kanyenyeswa kamodzi kamakwana kupotoza nsonga;
- pukutani pansi pa tailstock ndi panjanji pomwe imatsetsereka;
- ngati headstock yanu ndi yotembenuka kapena yotsetsereka, imasuleni, ilunjikitseni, imangeninso;
- onani ngati miyendo yonse ya lathe yaponda mofanana, chifukwa simenti yosalingana imapotokola lathe, ndipo kukweza mwendo umodzi pang'ono kumatha kubwezeretsa nsonga pamalo.

Tailstock zambiri zimakhala ndi kampata pakati pa njanji. Zolowerani kuikankhira mbali imodzimodzi nthawi zonse musanamange. Musatulutsenso quill (chitsulo cha tailstock chimene chimatuluka ndi nsonga) kutali, ikatalika imagwedera.

Mabelingi a nsonga ya tailstock atha. Igwedezeni ndi zala. Ikamasewera, isintheni.

Spindle yopindika kapena mabelingi a headstock otha. Izi sizichitika kawirikawiri, ndipo si zokonza nokha. Onani gawo lomaliza.

## Chizindikiro chachisanu: inali pakati, yasuntha mukusema

Chimene chimagwira mbale si pampu kwenikweni, ndi mpweya wakunja umene umaikankhira pa chikho. Mphamvu yake imadalira zinthu ziwiri: zomwe geji ikuwerenga, ndi kukula kwa malo ali mkati mwa gasiketi. Geji ikakhala pa 20 inHg, masamu ake ndi awa:

- chikho cha masentimita 5 m'mimba mwake, pafupifupi makilogalamu 13;
- cha masentimita 10, pafupifupi makilogalamu 54;
- cha masentimita 15, pafupifupi makilogalamu 120;
- cha masentimita 20, kupitirira makilogalamu 210.

Mukachepetsa chikho ndi theka, mphamvu imatsika kanayi. Ndipo manambala amenewa ndi a kukoka molunjika. Tchizulo imakankha cham'mbali, kumene chogwira ndi kukhakhala kwa gasiketi basi. Pa mbale yaikulu yokhala pa chikho chaching'ono, kugunda pang'ono kumlomo kumaibenthula mosavuta.

Tailstock mwaichotsa msanga. Semani zonse zimene mungathe tailstock ili pomwepo, mpaka patsale kachitsa konga chala chaching'ono. Vacuum yokha iziyang'anira mphindi zomaliza, zochotsa kachitsako ndi kupala.

Tchizulo yabuntha, kapena mukudula mokhuthala. Nolani musanayambe kunsi. Tengani gouge (tchizulo yokhota ngati ngalande) yaing'ono, muzidula mopyapyala, mphamvu ya dzanja izilozera ku headstock kuti muzikankhira mbale pa chikho, osati kuikankhira pambali. Tchizulo ikakodwa ngakhale kamodzi, zimitsani muyezenso. Mbale imakhala yasuntha ngakhale diso lisaone.

Chikho chachepa, kapena geji ili pansi. Pa chikho cha masentimita 10 kutsika m'munsi, geji ikalephera kufika 15 sindichotsa tailstock. Kachitsako ndimakadula ndi kasowo lathe itaima n'kumalizitsa ndi dzanja.

Liwiro lakwera. Mbale ya masentimita 25 isapitirire 600 rpm (kuzungulira ka 600 pa mphindi) pa vacuum, ndipo ikakhala yopindika tsikani kuposa apo.

Gasiketi yaterera ndi fumbi, mafuta kapena phula. Ipukuteni ndi kansalu konyowa, iume.

Magetsi aphethira. Kwathu kuno ichi si chachilendo, ndipo n'choopsa kuposa zonse zili pamwambazi. Magetsi akazima pampu imaima nthawi yomweyo, pamene lathe imapitiriza kuzungulira kwa kanthawi ndi mbale imene palibenso chikuigwira. Ikani kathanki kosungira vacuum pakati pa pampu ndi lathe, ndi valavu yosabweza mpweya kumbali ya pampu, kuti mukhale ndi masekondi oimitsira. Thankiyo ikhale yachitsulo cholimba, chigubu chapulasitiki chimaphwafuka. Lathe ikhalenso ndi switchi yosadziyatsa yokha magetsi akabwerera. Tsiku limene magetsi akuphethiraphethira, tailstock isachoke.

Dongosolo loyatsira lisasinthe: pampu iyambe, lathe itsatire. Pozimitsa, lathe iime kaye ndithu, dzanja ligwire mbale, kenako valavu itseguke.

## Chizindikiro chachisanu ndi chimodzi: geji siikwera, mbale ikutsetsereka yokha

Musanafunefune pobooka, dziwani kaye malire a dera lanu. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya umakankha ndi mphamvu yokwana 29.9 inHg, ndipo pa mamita 300 aliwonse okwera mumataya pafupifupi 1 inHg. Lilongwe ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, choncho kumeneko ngakhale pampu yabwino chotani singadutse 26 ndi theka. Pampu imene buku lake likuti imafika 26 idzawerenga cha m'ma 23 ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ndi cha m'ma 21 ku Dedza kapena ku Johannesburg, pamene ku Nsanje idzayandikira zolembedwazo. Pampuyo sinawonongeke. Koma mphamvu yogwira mbale yatsikadi, ndiye malangizo olembedwa ndi anthu a kumadera otsika muziwatenga ndi chikho chokulirapo.

Tsopano fufuzani kuyambira ku pampu, sitepe imodzi imodzi, mukulemba zomwe geji yawerenga:

1. Tsekani payipi potulukira pampu. Nambala imeneyo ndiyo malire anu.
2. Lumikizani fyuluta ndi valavu, tsekani kumapeto kwa payipi.
3. Lumikizani ku rotary adapter (cholumikiza payipi ndi spindle yozungulira), tsekani kamwa la spindle ndi chikhatho kapena labala.
4. Mangani chikho, chivundikireni ndi pulasitiki yolimba yophwatalala.
5. Ikani mbale.

Pamene nambala yagwa kwambiri ndi pomwe pali vuto. Kawirikawiri zimakhala motere:

Mbale yeniyeniyo ikudutsitsa mpweya. Mtengo uli ndi timitsempha, ndipo pa mbale timatsegukira mbali ziwiri zoyang'anana. Mbawa ili ndi timabowo totseguka, ndiye mbale yake ikapyapyala imapuma ndithu. Onjezani ming'alu, mfundo ndi mabowo a tizilombo tofumba mtengo. Yalani pulasitiki yopyapyala yokutira chakudya kunja kwa mbale pampu ikulira. Pomwe yamatirira ndi pomwe pakulowa mpweya, ndipo geji imakwera nthawi yomweyo. Matani tepi yapepala pamenepo, kapena pakani sanding sealer (yotseka timabowo ta mtengo) muisiye iume. Dziwani kuti mpweya wolowa ndi wa malo okhawo ali mkati mwa gasiketi, choncho bowo likakhala kumtunda kwa khoma, chikho chocheperako chimalisiya kunja.

Mlomo wa chikho sukukhudza ponseponse chifukwa mbale yapindika. Apa pokha gasiketi yokhuthalako pang'ono imathandiza.

Chikho cha MDF kapena thabwa chosapakidwa kanthu. MDF imadutsitsa mpweya thupi lonse. Ipakeni guluu wamatabwa wosungunula, penti kapena vanishi kawiri konse, mkati ndi kunja.

Mazinga, mapayipi ndi rotary adapter. Mangani zomangira, sinthani payipi imene ikuphwafuka vacuum ikakwera. Spindle zina zili ndi timabowo tam'mbali totulukira mkati mwa headstock. Zoterozo zimafuna kapayipi kodutsa mkati mwa spindle yonse.

Fyuluta yadzaza utuchi. Geji ikakhala kumbali ya pampu imatha kuwerenga bwino pamene ku chikho kulibe mphamvu. Geji iyenera kukhala pakati pa fyuluta ndi lathe, pamalo pamene mukuiona mukusema.

Pampu yochepa mphamvu ya kukoka mpweya wambiri. Kompuresa ya firiji imene ena amaisandutsa pampu imakweza geji bwino pamene palibe pobooka, koma imakoka mpweya wochepa kwambiri, moti mbale ikangopuma pang'ono geji imagwa. Imalavulanso mafuta, imatentha, ndipo ikazima imavuta kudzukanso msanga. Makina opopera fumbi ali ndi vuto losiyana: amakoka mpweya wambiri koma geji siipita patali, ndiye amangothandiza pa mbale zazikulu zogona pa thabwa lalikulu, ndipo ambiri amapsa mukawatsekera mpweya wonse.

## Chizindikiro chachisanu ndi chiwiri: mbale yakhala pakati koma yavulala

Mkombero wakuda mkati umachokera ku labala ya chubu cha galimoto kapena njinga. Gwiritsani ntchito fomu yoyera. Mkombero wonyezimira kapena wolowa umatanthauza kuti vanishi kapena mafuta anali asanaume, ndipo pa mtengo wopuma vacuum imakokera mafutawo mkati n'kusiya mathothomathotho. Dikirani ziume, kapena tembenuzani mbale musanapake.

Choopsa ndi mbale yopyapyala pa chikho chachikulu. Makilogalamu 210 aja amagwera pansi pa mbale, pomwe inu mukupapyapyalitsanso ndi tchizulo. Mukamva kulira kwa mtengo, kapena mukaona kunsi kukulowa mkati potseka valavu, tsegulani valavu msanga mutsike. Pansi pamene palowa chonchi mukapasema mophwatalala, pamadzatukuka vacuum ikachoka, mbale n'kumagwedera patebulo. Yezani kukhuthala kwa pansi musanatembenuze mbale, mulembe pa tenoni ndi pensulo.

## Pamene muyenera kuleka

Mbale izi musaziike pa vacuum yokha: yokhala ndi mng'alu wodutsa, yofumbwa kwambiri, yamakungwa kumlomo yolemera mbali imodzi, ndi iliyonse imene geji ikukwera ndi kutsika yokha mukuzunguza ndi dzanja. Zoterezi zipanikizeni pakati pa chikho ndi tailstock mpaka kumapeto, kachitsa mukachotse pa benchi. Chishango cha nkhope yonse chivalidwe nthawi zonse, magalasi okha sateteza chibwano ndi mano, ndipo ana kapena ophunzira ntchito asaime moyang'anana ndi mlomo wa mbale.

Itanani wodziwa zamagetsi ngati:

- pampu ikungong'ung'udza osazungulira, ikununkha kupsa, kapena ikugwetsa switchi yaikulu;
- mwamva kugwidwa ndi magetsi pokhudza lathe kapena pampu, ngakhale pang'ono;
- mukufuna kuika switchi yosadziyatsa yokha, kapena kulumikiza lathe ndi pampu ku jenereta;
- liwiro la lathe likusinthasintha lokha.

Itanani mmisiri wa makina ngati:

- spindle ikugwedera mukaikoka ndi dzanja, kapena headstock ikutentha ndi kulira mokhakhala;
- dial indicator (kageji koyezera kugwedera) yoikidwa pa phewa la spindle loyeretsedwa ikusonyeza kusewera koposa 0.05 mm;
- nsonga ziwiri zija zikusemphana m'mwamba ndi m'munsi ngakhale mwapukuta ndi kulinganiza miyendo;
- mazinga a spindle aphwanyika, kapena chuck yakanirira moti ikufuna kumenyedwa ndi hamala;
- pampu yotsekedwa potulukira penipeni ikulephera kufika pomwe inkafika kale. Pa pampu youma ya rotary vane nthawi zambiri timakhala timapale take ta kaboni tamkati timene tatha. Musathiremo oyilo poganiza kuti mukuithandiza, mtundu umenewu umawonongeka nawo.

Popita kwa mmisiriyo tengani pepala lija munalembapo manambala a geji pa masitepe asanu, dzina ndi nambala ya pampu, ndi kukula kwa mazinga a spindle yanu. Ngati vuto lili pa lathe, mupempheni abwere ndi dial indicator adzayezere pomwe makinawo aima, chifukwa lathe ikanyamulidwa kupita kwina miyendo imaponda mosiyana ndipo zoyeza zimasintha.